Mayi Akasiya Kusamba: Mafuta a Pamimba, Mafuta a M'magazi ndi Chiopsezo cha Mtima

Kuno ku Nkhotakota nkhani ya mafuta a m'magazi ikumveka paliponse masiku ano: pawailesi, m'magulu a WhatsApp, pamzere wa kiliniki ya BP ndi shuga, ngakhalenso kwa ogulitsa mankhwala azitsamba amene amalonjeza kuti botolo limodzi lisungunula mafuta onse. Amene ikuwasowetsa mtendere kwambiri ndi amayi amene adutsa zaka 45. Wina akudabwa kuti siketi ya Mvano imene inkamukwana bwinobwino yayamba kukana m'chiuno, chonsecho sikelo ya kuchipatala sinasunthe kwenikweni. Wina ndi wochepa thupi, amalima yekha chinangwa ndi mpunga, koma wauzidwa kuti kolesterolo, mtundu wina wa mafuta a m'magazi, wakwera. Winanso ndi wathupi chiyambire utsikana wake, koma atamuyeza magazi apeza kuti ali bwino. Zikatere munthu amasowa chogwira.

Chisokonezochi chimabwera chifukwa mafuta a m'poto, mafuta a pathupi ndi mafuta oyenda m'magazi n'zinthu zitatu zosiyana. Zimakhudzana ndithu, koma chimodzi sichingakuuzeni zonse za chinzake. Ndipo pa nthawi imene mayi akusiya kusamba, ziwiri zomalizirazi zimasintha mwakachetechete, popanda ululu, popandanso chizindikiro chooneka pankhope.

Chimene chimachitika mayi akamasiya kusamba

Achipatala amati mayi wasiya kusamba akatha miyezi 12 yotsatizana osapita kumwezi, popanda chifukwa china monga mimba, kuyamwitsa kapena mankhwala. Jakisoni wa kulera wa miyezi itatu uja amaimitsa msambo kwa amayi ambiri, koma kumeneko sikusiya kusamba kumene tikunena pano. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati amayi ambiri amafika pamenepa ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55. Sizichitika tsiku limodzi ayi. Kwa zaka zingapo msambo umadumphadumpha, thupi limatentha mwadzidzidzi, usiku thukuta limanyowetsa zofunda, tulo timavuta.

Gwero la zonsezi ndi mabasiketi a mazira, amene ali awiri m'mbali mwa chiberekero. Kuwonjezera pa kukhwimitsa mazira, amatulutsanso homoni (timadzi totsogolera ntchito za thupi) yotchedwa esitirojeni. Mazira akamatha, esitirojeni amatsika kwambiri. Zikanakhala kuti homoniyi imangoyang'anira chiberekero, nkhani ikanathera pomwepo. Koma imathandizanso kuti mitsempha ya magazi ikhale yofewa ndi yotanuka, imalimbikitsa chiwindi kuchotsa kolesterolo wina m'magazi, imasunga mafupa olimba, komanso imachititsa thupi kusunga mafuta m'mbina ndi m'ntchafu m'malo mwa m'mimba.

Zakuti kusiya kusamba kumakhudza mtima zinayamba kuoneka bwino m'tauni ya Framingham ku America, komwe mu 1948 madokotala anayamba kutsata moyo wa anthu 5,209, amuna ndi akazi, n'kumawayeza zaka ziwiri zilizonse. Zinaoneka kuti matenda a mitsempha ya mtima amachedwa kuwafika akazi ndi zaka pafupifupi 10 poyerekeza ndi amuna. Mu 1976 ofufuza omwewo analengeza kuti pakati pa amayi a msinkhu wofanana, amene anasiya kusamba ankadwala matenda a mtima ndi mitsempha kawirikawiri kuposa amene ankasambabe. Kafukufuku wa pambuyo pake waonetsanso kuti mayi amene wasiya msanga, asanafike zaka 45, kapena amene anamuchotsa mabasiketi onse awiri pa opaleshoni akadali wamng'ono, chiopsezo chake chimakhala chokulirapo.

Chimene akatswiri akukanganabe n'chakuti pa kukwera kwa chiopsezoku, mbali ya esitirojeni ndi yaikulu bwanji, nanga ya ukalamba weniweni ndi yaikulu bwanji, poti ziwirizi zimabwerera limodzi.

Tipatuke pang'ono, chifukwa pagona moyo. Mayi amene watha chaka osasamba ndiye waonanso magazi, ngakhale timadontho tokha, asati msambo wabwerera. Apite kuchipatala akamuone. Khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri m'Malawi muno, ndipo ichi n'chimodzi mwa zizindikiro zake.

Mafuta a pathupi: nkhani yagona pa malo amene akhala

Thupi limasunga mafuta m'malo awiri akuluakulu. Ena amakhala pansi pa khungu, oti mutha kuwatsina ndi zala. Ena amakhala m'kati mwenimweni mwa mimba, atakuta matumbo ndi ziwalo zina. Amene anakhalapo pamene akutumbula mbuzi yonona anawaona mafuta oyera aja oyalana pamatumbo. Munthunso ali nawo pamalo omwewo.

Mafuta a m'katiwa ndiwo ovuta. Magazi ochokera pamenepo amalunjika kuchiwindi asanazungulire thupi lonse, motero chiwindi chimalandira mafuta ochuluka pamodzi ndi timadzi toyambitsa kutupa. Chikalemedwa chotero chimayamba kutumiza mafuta ambiri m'magazi, thupi limasiya kumvera insulini (homoni yotsitsa shuga m'magazi), shuga amakwera, BP nayo imatsatira. Mafuta a m'mbina ndi m'ntchafu sachita zimenezi mofanana, ngakhale atakhala ambiri.

Dokotala wina wa ku Marseille m'dziko la France, Jean Vague, analemba mu 1947 za kusiyana kwa kunenepa kwa kumtunda kwa thupi ndi kwa kumunsi, ndipo anaona kuti onenepa kumtunda ndi amene amadwala kwambiri shuga ndi mitsempha. Panapita zaka zambiri anzake asanamumvere. Lero tili ndi makina oona m'kati mwa thupi, ndipo akuvomereza zimene ananenazo. Kafukufuku wa SWAN ku America, amene kuyambira 1996 wakhala akutsata amayi oposa 3,000 pa zaka zawo zosiyira kusamba, anapeza kuti kutatsala zaka ziwiri kuti msambo uthe, liwiro lounjika mafuta limawirikiza kawiri pomwe minofu imayamba kuchepa, ndipo zimapitirira chotero mpaka zaka ngati ziwiri msambo utatha. Poti mafuta akuwonjezeka pamene minofu ikuchepa, sikelo sionetsa kudumpha kulikonse. Apa ndi pamene pali yankho la siketi ija.

N'chifukwa chake nambala imene amaitcha BMI siikwanira payokha. Amaipeza pogawa makilogalamu a munthu ndi utali wake m'mamita wochulukitsidwa ndi utali womwewo: mayi wa makilogalamu 70 wotalika mamita 1.6 BMI yake ndi 27. Kuyambira 25 amati thupi lapitirira, kuyambira 30 amati wanenepa kwambiri. Masamu amenewa anayambitsa ndi Adolphe Quetelet wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1830, pofuna kufotokoza za gulu la anthu osati kuyeza wodwala mmodzi, ndipo dzina la BMI anapereka ndi Ancel Keys mu 1972. BMI siisiyanitsa mnofu ndi mafuta, siinenanso kumene mafutawo ali.

Tepi ya telala imanena zambiri pamenepa. Imani chilili, pezani pakati pa nthiti yomaliza ndi nsonga ya fupa la m'chiuno, zungulizani tepi pamenepo mutatulutsa mpweya, osakoka mimba. Kwa amayi, masentimita opitirira 80 amawatenga ngati chenjezo, ndipo opitirira 88 ngati chiopsezo chachikulu. Tepi ikasowa, chingwe chimagwira ntchito: chiduleni chofanana ndi utali wanu, chipindeni pakati, ndipo muone ngati chopindacho chikukumana pozungulira mimba. Chikakana kukumana, mimba yaposa theka la utali wanu.

Kwathu kuno kunenepa kuli ndi ulemu wake, ndipo pali chifukwa. Tinaona njala, tinaonanso zaka zimene Edzi inkasesa midzi, pamene munthu akangoonda anthu ankayamba kunong'onezana. Mayi amene akuzengereza kuchepetsa thupi si wosazindikira. Akudziwa bwino zimene anthu anganene. Maganizo anga ndi akuti uphungu uliwonse wosalabadira mantha amenewa sungapite patali. Palinso amene amati mimba imakula chifukwa magazi amene ankatuluka mwezi ndi mwezi tsopano akuunjikana m'kati. Magazi a msambo amachokera ku kachikopa ka m'kati mwa chiberekero kamene kamakula mwezi uliwonse. Esitirojeni akatsika kachikopako sikakulanso, choncho palibe chotsalira. Komabe mimba yotupa mofulumira, yolimba, yopweteka kapena yokhutitsa munthu atangodya pang'ono, isatengedwe ngati mafuta. Ikhoza kukhala madzi kapena chotupa, ndipo ifunika dokotala.

Mafuta a m'magazi

Kolesterolo si poizoni. Thupi limamufuna pomanga khungu la selo iliyonse, popanga ndulu, vitamini D ndi mahomoni, kuphatikizapo esitirojeni yemweyo. Wochuluka amapangidwa ndi thupi lenilenilo, makamaka chiwindi. Wochokera m'mbale ndi gawo laling'ono. Ichi n'chifukwa chake mayi wochepa thupi, wodya nyama pa Khirisimasi ndi paukwati pokha, akhoza kukhala naye wokwera. M'mabanja ena n'zakumtundu.

Asayansi a ku France anayamba kumupeza m'timiyala ta m'ndulu zaka zoposa 200 zapitazo. Mu 1913, Nikolai Anichkov wa ku St Petersburg anadyetsa akalulu kolesterolo wambiri n'kupeza mitsempha yawo itaunjikana mafuta m'makoma. Cha m'ma 1950, John Gofman wa ku California anasonyeza kuti mafuta sayenda okhaokha m'magazi, amanyamulidwa ndi tinthu tamitundumitundu, ndipo mtundu wa chonyamuliracho ndi umene uli ndi kanthu.

Ife a m'mbali mwa nyanja tingazimve motere. Mafuta ndi madzi sizisakanikirana, ndipo gawo lalikulu la magazi ndi madzi. Tsono thupi limapakira mafuta m'timabwato topangidwa ndi mapuloteni. LDL ndi mabwato oyenda ndi katundu wa kolesterolo kukapereka ku ziwalo. HDL ndi mabwato otola wotsala n'kubwerera naye kuchiwindi. Chiwindicho chili ndi madoko okochezapo mabwato a LDL kuti achoke m'magazi. Madoko akachepa, mabwato amachuluka pamadzi n'kumangoyendayenda, ndipo ena amalowa m'khoma la mtsempha n'kutitimira momwemo. Michael Brown ndi Joseph Goldstein ndi amene anatulukira madoko amenewa m'zaka za m'ma 1970, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1985. Esitirojeni amachulukitsa madoko. Akatsika, madoko nawo amachepa, LDL n'kukwera.

Zotitimira m'khoma zija asilikali a m'thupi amabwera kudzazimeza, n'kufera pomwepo, ndipo pakapita zaka pamakhala mulu wa mafuta ndi zipsera wopanikiza njira ya magazi. Muluwo ukang'ambika, magazi amaundana pamenepo n'kutseka mtsempha m'kanthawi kochepa. Zikachitikira mumtsempha wodyetsa mtima, mbali ya mtimawo imafa. Zikachitikira muubongo, ndiyo sitiroko.

Pali mtundu wachitatu, ma triglyceride, amene ndi mafuta enieni osungira mphamvu. Awa amakwera kwambiri munthu akamadya shuga ndi zokhutitsa zoyera kuposa zimene thupi likugwiritsa ntchito, akamamwa mowa, akakhala ndi mafuta ambiri pamimba kapena matenda a shuga osasamalidwa.

Pepala la kulabu limalemba manambalawa mu mmol/L kapena mu mg/dL, ndiye muziyang'ana kaye muyeso wake musanachite mantha. Kwa munthu wopanda matenda ena, kawirikawiri amafuna kolesterolo yense akhale pansi pa 5 mmol/L, zimene zili pafupi ndi 200 mg/dL. LDL pansi pa 3. HDL ya mayi pamwamba pa 1.2, ma triglyceride pansi pa 1.7 munthu asanadye. Kwa wodwala shuga kapena amene anagwidwapo sitiroko, dokotala amafuna LDL itsike kuposa pamenepo. Mutu, chizungulire kapena dzanzi m'manja sizikuuzani kuti kolesterolo wakwera. Kuyeza magazi kokha n'kumene kumanena.

Mu 2009 ofufuza a SWAN anaonetsa kuti kolesterolo yense ndi LDL zimadumpha ndithu m'chaka chozungulira msambo womaliza, pa amayi a mitundu yonse imene ankaitsata, pomwe BP inkangokwera pang'onopang'ono ndi zaka. Apa ndiye kuti funso lija la esitirojeni ndi ukalamba layankhidwa mbali imodzi. Za HDL ndiye zikuzunguzabe mitu. Kwa zaka zambiri ankamutcha kolesterolo wabwino, koma mu 2006 kuyesa kwa mankhwala otchedwa torcetrapib kunaimitsidwa chifukwa ngakhale ankakweza HDL kwambiri, omwalira anachuluka pakati pa amene ankamwa. Palinso umboni wakuti mayi akasiya kusamba, HDL yokwera siiteteza ngati kale. Zikuoneka kuti kuwerenga mabwato obwerera n'kosakwanira. Mwina chofunika ndi katundu amene akufikitsadi padoko, ndipo kuyeza kwa masiku onse sikuona zimenezo.

Chiopsezo sichiyenda chokha

Mawu akuti chiopsezo satanthauza kuti munthu akudwala, kapena kuti adzadwala basi. Amatanthauza kuti pa anthu 100 ofanana naye, angati adzagwidwa ndi sitiroko kapena matenda a mtima m'zaka 10 zikubwerazi. Maganizo owerengera chotere anachokera ku Framingham komwe kuja mu 1961, pamene anaonetsa kuti BP yokwera ndi kolesterolo wokwera zikakumana mwa munthu mmodzi, ngozi imakula kuposa chilichonse pachokha. Mu 2019 WHO inatulutsa matchati owerengera chiopsezochi m'zigawo zosiyanasiyana za dziko, kuphatikizapo kum'mawa kwa Africa, ndipo ena mwa matchatiwo safuna labu: zaka, kaya ndi mwamuna kapena mkazi, fodya, BP ndi BMI basi.

Kwa ife kuno BP ndiyo iyenera kukhala patsogolo. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 mwa 10 a anthu amenewo sankalandira mankhwala. Kolesterolo wokwera anapezeka mwa amayi 11 pa 100 ndi abambo 6 pa 100. Thupi lopitirira muyeso linapezeka mwa amayi 28 pa 100 ndi abambo 16 pa 100. M'maiko a kuno kwathu sitiroko ndi kufooka kwa mtima kobwera ndi BP n'zimene zimaoneka kwambiri m'zipatala kuposa kutsekeka kwa mitsempha ya mtima kumene kuli kofala ku Ulaya. Choncho mayi amene akuda nkhawa ndi kolesterolo koma BP yake sanayezetse chaka chino, ayambe ndi BP. Kuyeza kwake kumapezeka pafupi, pomwe kuyeza mafuta a m'magazi kumafuna labu yokhala ndi makina ndi mankhwala ake, ndipo si chipatala chilichonse chili nazo.

Pali zina zimene amayi ambiri saganiza kuwauza adokotala. BP imene inakwera pa nthawi ya pakati, makamaka ija yotupitsa miyendo ndi nkhope kapena yokomola, imasiya chiopsezo chokulirapo ngakhale patapita zaka 20. Chimodzimodzinso shuga wa pa nthawi ya pakati. Fodya, kaya wosuta, wa m'mphuno kapena woika m'kamwa, amawerengedwa. Utsi wa nkhuni wa m'khitchini yopanda mawindo, komanso wa powamba nsomba tsiku ndi tsiku, umavulaza mitsempha osati mapapo okha.

Amayi ambiri amene anayamba ma ARV zaka zapitazo tsopano afika msinkhu wosiya kusamba, ndipo ichi n'chinthu chothokoza. Koma kachilombo ka HIV, ngakhale katagonjetsedwa ndi mankhwala, kamasiya kutupa pang'ono m'mitsempha. Mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene Malawi inayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, amagwira ntchito bwino kwambiri, koma kafukufuku wa ADVANCE ku Johannesburg anapeza kuti ena amanenepa nawo, makamaka amayi. Apa yankho si kusiya ma ARV, ngakhale tsiku limodzi. Ndi kupempha kuti pokatenga mankhwala azikuyezaninso BP, shuga ndi sikelo.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo nazi: pakamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka mbali imodzi, lilime kulemera mwadzidzidzi, kapena pachifuwa kuthina ngati pasanjikidwa katundu, ululu n'kumafika kumkono, kunsagwada kapena kumsana. Kwa amayi ena chimene chimaonekera kwambiri ndi befu, nseru, thukuta lozizira ndi kutopa kosadziwika bwino, ndipo n'zosavuta kuziyesa chilungulira kapena malungo.

Za m'mbale ndi za m'munda

Pamabotolo ena a mafuta ophikira amalemba kuti mulibe kolesterolo. N'zoona, koma n'zoonanso pa mafuta onse ochokera ku zomera. Chimene chimakweza LDL kwambiri ndi mafuta ouma, aja amagwirana akazizira: a nyama yonona, a mang'ina, chikopa cha nkhuku, batala, komanso a kanjedza. Mafuta a mpendadzuwa, a soya ndi a mtedza akalowa m'malo mwa oumawo, LDL imatsika. Ndiwo zotendera ndi nsinjiro zili kumbali yabwino imeneyi. Nyemba, nandolo, khobwe, therere ndi mgaiwa zili ndi ulusi umene umathandiza kutulutsa kolesterolo wina kudzera m'matumbo. Ndipo mwayi wathu waukulu ndi nyanja: usipa, utaka, chambo, kampango. Mafuta a nsomba si ofanana ndi a nyama ya miyendo inayi. Chosintha zinthu ndi kaphikidwe. Usipa wa mu tomato ndi wosiyana ndi womizidwa m'chiwaya cha mafuta amene akazingira kale kangapo.

Kondowole, nsima ya ufa woyera ndi mpunga sindizo mdani, ndipo palibe amene angauze munthu wa ku Nkhotakota kuti asiye kondowole n'kumvedwa. Nkhani ili pa kukula kwa mtanda poyerekeza ndi ntchito imene thupi likugwira. Mayi amene kale ankapalira tsiku lonse, tsopano amakhala pabenchi ya geni kuyambira m'mawa, ana ndi adzukulu ndi amene akutunga madzi, koma mitanda ndi yomweija, zotsalazo chiwindi chimazisandutsa ma triglyceride. Masipuni a shuga a mu tiyi ndi mu thobwa, ndi zakumwa za m'mabotolo, amalowera komweko. Mchere WHO imati usapitirire magalamu 5 patsiku, ngati sipuni yaing'ono imodzi, ndipo powerengera musaiwale timakyubu tokometsera ndiwo ndi soda wa mu therere, poti nayenso ali ndi sodiyamu, chinthu cha mu mchere chimene chimakweza BP.

Pa zolimbitsa thupi, muyeso ndi mphindi 150 pa sabata za ntchito yofulumizitsa mtima pang'ono, kuwonjezapo masiku awiri a ntchito yolimbitsa minofu. Kulima, kusinja ndi kuyenda ndawala kupita kumsika zonse zimawerengedwa. Mafuta a m'kati mwa mimba amamvera msanga ntchito zotere, ngakhale sikelo itakana kutsika.

Mankhwala awiri amene anthu amawasokoneza

Ngati vuto ndi kutsika kwa esitirojeni, bwanji osangomubwezera? Madokotala ambiri ankaganiza chomwecho mpaka m'zaka za m'ma 1990, chifukwa amayi amene ankamwa mahomoni ankaoneka kuti sadwala mtima kwambiri. Koma amayi amenewo analinso ophunzira, opeza bwino ndi osamala thanzi lawo. Atayesa mwachilungamo, pogawa anthu mwamaere, zinatuluka zina. Kafukufuku wa HERS mu 1998 sanapeze phindu kwa amayi odwala kale mtima. Mu July 2002 mbali imodzi ya kafukufuku wa Women's Health Initiative, ya amayi 16,608, inaimitsidwa nthawi isanakwane chifukwa omwa esitirojeni pamodzi ndi homoni ina yotchedwa progestin ankapezeka kwambiri ndi khansa ya m'mawere, sitiroko, kuundana kwa magazi ndi matenda a mtima. Otsutsa ananena kuti amayiwo anali achikulire, zaka zawo zapakatikati zinali 63, ndipo mwina kuyamba msanga, mitsempha isanawonongeke, n'kosiyana. Kafukufuku wa ELITE mu 2016 anapeza kuti mwa oyamba msanga makoma a mtsempha wa m'khosi ankachedwa kukhuthala, koma kuchedwa kukhuthala sikunena kuti imfa zachepa. Pamene mbali zonse zikugwirizana lero ndi apa: mahomoni amathandiza kwambiri mayi wovutika ndi kutentha thupi ndi thukuta la usiku, makamaka wosafika zaka 60 kapena amene sanathe zaka 10 chisiyireni, koma saperekedwa n'cholinga choteteza mtima.

Otsitsa LDL ndi ena, ma statin, monga simvastatin ndi atorvastatin. Statin woyambirira anamupeza ndi Akira Endo wa ku Japan mu 1973, kuchokera ku nkhungu yomera pa mpunga. Amachepetsa kolesterolo amene chiwindi chimapanga, ndipo chiwindicho chimatsegula madoko ambiri kuti chitole wa m'magazi. Akaphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri, LDL ikatsika ndi 1 mmol/L, sitiroko ndi matenda a mtima zimachepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, kwa amayi ndi abambo omwe. Mu 2023 kafukufuku wa REPRIEVE, wa anthu 7,769 okhala ndi HIV a zaka 40 mpaka 75, anapeza kuti pitavastatin anachepetsa ngozi zoterezi ndi 35 pa 100. Ena amamva kuphwanya kwa minofu akamamwa, ndipo simvastatin sagwirizana ndi ma ARV ena, choncho awa si mankhwala ongogula pakauntala kapena kugawana ndi mnzanu.

Zimene zikadali poyera

Malire a masentimita 80 ndi 88 aja anawapeza poyeza azungu a ku Ulaya, ndipo bungwe la International Diabetes Federation linanena poyera kuti kwa anthu a kuno kumwera kwa Sahara likungobwereka manambala a ku Ulaya mpaka enieni atapezeka. Kafukufuku wa ku South Africa ndi ku America waonetsa kuti amayi akuda amakonda kukhala ndi mafuta a m'kati ocheperapo ndi ma triglyceride otsikirapo kuposa azungu olemera mofanana, komabe matupi a amayi akudawo samvera bwino insulini ndipo shuga amawagwira ndithu. Kodi ndiye malire oyenera mayi wa ku Dwangwa kapena ku Chia ndi ati, okwererapo kapena otsikirapo? Ofufuza sanamvane.

Palinso mtundu wina wa bwato wotchedwa lipoprotein(a), wotengera kumtundu, umene umakhala wokwera mwa anthu ochokera mu Africa kuposa mitundu ina, ndipo zakudya siziusintha kwenikweni. Mankhwala outsitsa akuyesedwabe, ndipo kufunika kwake pa sitiroko ya kuno n'nkhani imene ikufufuzidwa.

Funso lomaliza ndi la ndalama. Ena amati thumba la zaumoyo ndi laling'ono, ndiye liyambe lakwanitsa makina oyezera BP ndi mankhwala ake m'zipatala zonse za m'midzi, chifukwa apo ndi pamene miyoyo yambiri ingapulumuke, ndipo ma statin aperekedwe potengera matchati osafuna labu aja. Ena amati njira imeneyo idzaphonya mayi wochepa thupi, wa BP yabwino, amene LDL yake inadumpha chaka chimene anasiya kusamba, poti iyeyo tchati lopanda labu lidzamuika pakati pa anthu opanda vuto.